Mapazi Osamva Miyala

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya kaphokoso ka chitini chowiritsira jakisoni m'mawa uliwonse. Ndinataya munthu yekhayo amene ankanditchula kuti aphunzitsi pofuna kundiseka.

Matenda a shuga anali nawo kuyambira ali mtsikana. Ndinamukwatira ndikudziwa zimenezi, ndipo ndinkadziyesa wozindikira, poti ndinali nditangochoka ku koleji, ndikuphunzitsa ku Thambani. Ndinkamuletsa nzimbe ndi tiyi wotsekemera, n'kumati ndikumusamala.

Chaka chachitatu anayamba kudandaula za mapazi. Ankati akumva ngati wavala masokosi pomwe sanavale, mwina ngati mukuyenda nyerere. Ndinati ndi dzanzi chabe, azitambasula miyendo.

Kenaka inafika nyengo yoti amayi a chipani aziphunzira magule. Iye sanafune kupita, anati pansi sakupamva bwino. Koma mkazi wa mphunzitsi akajomba anthu ankaona, ndipo wofunsidwa ankakhala mwamuna. Ndinaopera ntchito yanga. Ndinamuuza kuti dzanzi si matenda.

Anavina masiku anayi pabwalo la sukulu, wopanda nsapato ngati anzake. Ankabwera akuseka, amvekere onse akulira ndi miyala koma iye yekha ayi. Ndinamuyamikira kuti ndi wolimba.

Chimene chinatiuza ndi fungo. Nditatembenuza phazi ndinapeza kawaya katalowa m'chidendene, mnofu wozungulira utada. Sankadziwa tsiku limene anakaponda.

Kuchipatala cha paboma adokotala anamuuza kuti atsinzine, n'kumamubaya zala zakuphazi ndi singano, chimodzichimodzi, ine ndikuona. Iye anafunsa ngati ayamba kale. Panja adokotala anandifotokozera kuti shuga akakhalitsa amapha mitsempha pang'onopang'ono, kuyambira kuzala, ndipo munthu wotere asamayende wopanda nsapato, mapazi ake aziyang'anidwa tsiku lililonse. Anandifunsa ngati mkazi wanga sananenepo za dzanzi. Ndinati ananena. Sanandifunsenso china.

Chilonda chinakwera mwendo mofulumira kuposa mankhwala. Anakonza zoti akamudule mwendowo ku Blantyre, koma galimoto inali ya mawa lake, ndipo iye sanalione tsikulo.

Madzulo ake omaliza ndinakhala kumiyendo kwa bedi, ndikusisita phazi labwinolo ndi manja onse awiri. Ndinkafuna kupepesa. Anatsegula maso, n'kuyang'ana manja anga kanthawi.

"Aphunzitsi, bwerani kuno mundigwire dzanja. Uko sindikukumvani."