Supageti wa Tinkhanu ta ku Beira

Amuna anga anali khukhi, koma ine sindinalawepo chophika chawo. Anthu akamva zimenezi amaseka. Ine zimandiwawa mpaka lero.

M'nthawi ya Chitaganya tinkakhala pa pulazi ya fodya kufupi ndi Raffingora, kutali ndi kwathu ku Nyasalande. Bwana wathu anakwatira dona wa Chitaliyana, mayi wolongolola koma wamtima wabwino, ndipo ndiye anaphunzitsa amuna angawo zakudya za kwawo. Amuna angawo ankaweruka akununkhira adyo ndi batala, n'kukhala pamphasa kudya nyemba zanga za phoso. Kukomboni mwamuna wokwatira sankagwira mthiko. Akanangoyerekeza, pulazi yonse ikanamva kuti ndawadyetsa kondaine.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali supageti wa tinkhanu ta m'nyanja ya mchere. Tinkhanuto tinkachokera ku Beira pa sitima, titakwiriridwa mu ayisi, ndipo tinkabwera mwa apo ndi apo. Ankandisimbira mpaka kunditopetsa.

"Mayi a mwana, n'chosavuta kuphika chimenechi. Tsiku lina mudzalawa, shuwa."

Ine ndinkawayankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lamlungu lina masana anatulukira akuthamanga, atafumbata kabakuli. Ayisi anali atasungunuka, ndiye dona anawapatsa tinkhanu totsala todzaza dzanja, kirimu wa mkaka m'kapu, ndi supageti pang'ono. Zinayenera kudyedwa tsiku lomwelo.

Anatseka chitseko cha khitchini kuti anzawo asawaone, n'kundiuza kuti ndikhale pansi, ndisagwire kanthu. Anawiritsa supageti mumphika wanga, ndipo mchere umene anathira m'madzimo unandikuwitsa. Pachiwaya anasungunula batala, n'kuponyamo adyo, kenako tinkhanu tija. Titangofiira anathira kirimu, n'kusolola nkhuni zina kuti asapserere. Anafinyiramo ndimu, n'kusakaniza zonse. Utsi unkatiliza misozi, koma iwo ankangoimba mluzu. Munthu wamanyazi uja sindinamuonepo ali wokondwa chotero. Zonse zinangokwana mbale imodzi.

Akundipatsa supuni, panja panamveka odi.

Anali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, pamodzi ndi mnzawo. Anali atangofika kuchokera ku Nyasalande kudzafuna ntchito, miyendo ili mbuu, milomo itachita kung'aluka ndi njala.

Amuna anga anayang'ana mbale ija, n'kuyang'ana ine. Kenako anainyamula n'kutuluka nayo, pamodzi ndi madzi osamba m'manja. Akanatani? Fungo linali litafika kale pakhonde, ndipo mlendo sabisiridwa chakudya, makamaka akakhala mwini mbumba.

Ndinatereka madzi a nsima mofulumira, poganiza kuti mwina andisiyirako. Madzi asanatenthe n'komwe ndinamva atsibweni akuyamba.

"Mkamwini, nyongolotsi zimenezi mwazithiriranji mkaka? Kodi azungu anu ndiwo zinawasowa?"

Ankanyoza uku akumeza. Mnzawoyo ankatola tinkhanu n'kumaponyera galu, ati ndi zinkhanira. Mbale inabwerera kukhitchini itapukutidwa ndi chala. Ndinapsa mtima moti nsima ndinawaphikira yosapsa, koma nayonso anaimaliza.

"Musadandaule, mayi a mwana," amuna anga anandinong'oneza. "Sitima idzabweranso."

Sitimayo inkabwerabe, koma ukwati wa azungu aja unatha, dona n'kubwerera kwawo. Bwana ankangofuna nyama yowiritsa ndi mbatatesi. Chitaganya chisanathe, chifuwa chinawatenga amuna anga.

Atsibweni anapeza ntchito pa pulazi yomweyo, ndipo anakalambira pakhomo panga. Tsiku lina tikusenda nyemba ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti chakudya chimene anaphika malemu chija chinkakoma bwanji, poti amene akanandiuza anali atatsala iwo okha.

Anakanda m'mutu kanthawi ndithu.

"Chakudya chiti?" anandifunsa.