Zijasi ndi Nyimbo ya a Savva

Mukafuna kudziwa za a Savva Yermolaevich, funsani ine Glafira, osati manyuzipepala. Tinkakhala m'nyumba imodzi ya mabanja asanu, khitchini imodzi, chimbudzi chimodzi, ndipo piyano yawo inatsamira khoma la kumutu kwa bedi langa. Ena amalipira kuti amve nyimbo. Ine mwayi wanga, ndinkamva ulere, mzere umodzimodzi mpaka mutu kuwawa.

Anali katswiri, eti. Nyengo yotentha ikafika ankasenza chimakina chojambulira mawu n'kupita kumidzi ya kutsidya kwa mtsinje wa Volga, kukasowetsa anthu mtendere kuti awaimbire nyimbo za maliro ndi za ukwati. Analemba mabuku atatu, ndipo anayenda malonda, ndisaname. Amayi ogulitsa nsomba zamchere kumsika ankati pepala lake ukakulungira nsomba silidontha.

Mkazi wawo Taisiya atamwalira, a Savva anapeka nyimbo yaikulu ya gulu lonse la zoimbira. Kumapeto kwake zonse zimakhala chete, n'kutsala chelo chokha, chivayolini chija amachipana m'miyendo, chikulira kanyimbo kamene Taisiya ankaimba chapansipansi posenda mbatatesi. Moyo wawo wonse wotsala unatsamira pamenepo: ankafuna anthu a m'tauni muno amve mbali imeneyo.

Koma nyimbo siilowa m'holo isanadutse kukomiti. Wapampando wake anali bambo wina amene kale ankayang'anira fakitale ya sopo, ndiye za nyimbo ankazidziwa zedi.

"A Komuredi," anatero, "kulira mwalira mokwanira. Nanga zokolola zili pati?"

Anaikamo zokolola. Chaka chotsatira akomiti anati mulibe achinyamata, iwo n'kuikamo achinyamata. Kenako mathirakitala, malipenga, ng'oma, kwaya ya ana a sukulu. Zonsezi zinkadutsa pakhoma langa.

"A Savva Yermolaevich," ndinawafunsa tsiku lina kukhitchini, "chanu chatsala n'chiyani m'chiphokoso chimenechi?"

"Atenge zonse, Glafira Nikitichna. Bola kumapeto asakhudzeko."

Sanakhudzekodi. Ine ndimaganiza kuti wapampando sanafikeko ali maso.

Tsitsi lawo litachita mbuu, akomiti anawapatsa tsiku: Lamlungu masana, pakati pa nyengo yachisanu. Ine ndinkagwira ntchito m'holo momwemo, polandira zijasi. Munthu amasiya chijasi, ndimampatsa kachitsulo ka nambala. Ndipo mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti ukachedwa kutuluka, uima pamzere wa zijasi mpaka basi ikusiye, uyende wapansi m'chipale chofewa.

Holo inadzaza, poti matikiti anagawa kumafakitale. A Savva anandipatsa chijasi chawo, atavala malaya oyera amene ndinawasitira ndekha. Nyimbo inayamba. Ndinamva zokolola zikudutsa, mathirakitala akudutsa, ana akukuwa, malipenga, kenako ng'oma yaikulu: gu! Ndiye kunati zii.

Wina anaomba m'manja. Basi, zitseko zinatseguka ngati za khola.

"Mayi, changu, tachitani changu!"

"Changa ndi chakuda chija!"

"Zonse n'zakuda, bambo, perekani nambala!" ndinakuwa. "Komanso sinathe! Bwererani mukamve, anthu inu!"

"Sinathe bwanji?" anatero mkulu wina akundilanda chipewa chake. "Ng'oma yalira kale."

Akazi, amuna, ngakhale makolo a ana a kwaya akukoka ana awo, onse pa ine. Wapampando naye anali pomwepo, akukankha ndi chigongono, akuuza mnzake kuti nyimbo yatha mwamphamvu monga mmene analangizira. Ndinapsa mtima moti zijasi zina ndinkachita kuwaponyera kumaso.

Anthu atatha, panatsala chijasi chimodzi chothothoka kolala. Mwini wake anatuluka pang'onopang'ono, kachitsulo kali m'manja. Ndinawamvera chisoni mpaka kusowa poyang'ana.

"Mwamvako, Glafira Nikitichna?"

"Ndimve bwanji, ndi ng'ombe zimenezi?"

Ndinawaveka chijasi. Anayamba kumanga mabatani, n'kuphonya bowo loyamba.

"Wachelo uja sanathawe," anatero. "Waimba mpaka pomaliza. Ndinali ndekha pamzere wachitatu. Ndi yabwino, mayi. Ndi yabwinodi." Anavala chipewa. "Ndikanakonda pakanatsala ngakhale munthu mmodzi woti andiuze kuti ndi yoipa."