Tidawerenga Chivomezi pa Maliro a Achimwene

Ndidadzuka tambala woyamba asanalire, m'chiuno mukuwawa chifukwa cha mphasa. M'nyumba ya siwa amayi oimba anali atatopa, ena akugona chokhala atatsamira khoma. Alamu anga, mkazi wa malemu, anali maso pambali pa bokosi. Kunja moto wa abambo unali utasanduka makala, ndipo adzukulu ankasonkhanitsa makasu kuti alawirire kumanda.

Malemuwo anali achimwene anga aakulu, amene adaphunzitsa sayansi kufupi ndi Santhe mpaka kupuma ntchito. Kwathu ndi kwa Kaomba, ndipo mwambo wa pabanja pathu ndi wakuti mwamuna akamwalira kuchikamwini, thupi limabwerera kwa amayi ake. Koma iwo adanena ali moyo, pamaso pa ine ndi mlongo wanga wamwamuna, mng'ono wawo, kuti adzagone kwa akazi awo, poti alamu miyendo idawafooka ndipo sangamakwere galimoto kukaona manda. Ine ndidavomera. Mlongo wangayo, amene tsopano ndiye mwini mbumba, adavomera ndi pakamwa pokha. Lole imene adabwera nayo adaiimika pafupi ndi chigafa cha fodya, itayang'ana kumsewu, ndipo alamu adaiona.

Kutacha kudali mitambo yoyera, yosaopseza mvula. Amayi adayatsa moto kuseri kwa nkhokwe, nkhuni zaziwisi zikuliritsa maso. Anthu adayamba kufika panjinga ndi pansi. Matenanti a m'maesiteti adabwera manja ali akuda ndi utomoni wa fodya, chifukwa inali nyengo yothyola. Abambo ena achisilamu a golosale adatseka sitolo yawo nadzakhala pakati pa akuluampingo. Ambiri mwa anthuwa ndidawazindikira kuti adadutsa m'manja mwa achimwene, ngakhale ena anali ndi imvi zoposa zanga.

Dzuwa litakwera pang'ono, tikudikira uthenga wa kumanda, malata a nyumba adachita phokoso ngati munthu waponyapo mchenga wodzaza dzanja. Pansi padagunda kamodzi. Nkhuku zidathawira pansi pa nkhokwe ndipo nyimbo idaduka. Pamenepo mayi wina wogulitsa tomato pamsika, ali ndi chipande m'manja, adayamba kuwerenga mokweza: "Wani, thuu, fili." Abambo a golosale aja adamulandira. Posakhalitsa anthu a mbali zonse za bwalo ankawerenga limodzi, mosathamanga, ngati ana a m'kalasi. Atafika pa twente, nthaka idapukusa uku ndi uku, fodya wa m'chigafa akuyendayenda pamikangala, madzi akutayika m'zidebe. Kenaka kudati zii.

Mkulu wa adzukulu adafika akupuma mwabefu kudzanena kuti dothi la m'mbali mwa dzenje lagumukira mkati. Mlongo wanga adaimirira, nkhope itauma, nati: "Achemwali, mwadzionera nokha. Makolo kwa Kaomba akana. Munthuyu tipite naye kwawo." Woyendetsa lole adayamba kufufuza makiyi m'thumba. Ndidasuzumira m'nyumba ndipo ndidaona alamu atagwira m'mphepete mwa bokosi ndi manja onse awiri.

Sindidafune kutsutsa mwini mbumba pagulu, chifukwa ulemu wake ndi ulemu wathu tonse. Ndidagwada pambali pake ndi kupempha kuti tiyambe tamva chimene anthuwa amawerenga, popeza adaphunzitsidwa ndi malemu omwewo. Adavomera ndi mutu.

Mayi wa tomato uja adagwada nafotokoza mmene aphunzitsi ankanenera. Miyala ya pansi penipeni ikathyoka, pamachoka mafunde awiri nthawi imodzi. Loyamba limakankha nthaka kutsogolo ndipo ndi lothamanga, ndilo lidaliza malata. Lachiwiri limapukusa nthaka cham'mbali ndipo ndi lochedwa. Ali ngati anthu awiri onyamuka pamodzi, wina panjinga wina wapansi: ulendo ukatalika, mpata wa pakati pawo umakulanso. Tsono ukawerenga masekondi a pakati pa awiriwo ndi kuchulukitsa ndi eyiti, umapeza makilomita a kumene chachokera chivomezicho. Abambo a golosale, amene masamu ndi chakudya chawo, adati twente kuchulukitsa ndi eyiti ndi makilomita 160. Adaonjeza kuti mbali yake sangaidziwe, pakuti aphunzitsi ankati pamafunika anthu owerenga pamalo atatu osiyana, koma mtunda wokhawo ndi umenewo.

Ndidafunsa mlongo wanga mwaulemu kuti kuchokera pano kukafika kwa Kaomba ndi makilomita angati, poti ndiye amayenda msewuwo. Adayamba kuwerengera chamumtima. Mkulu wa adzukulu, amene mwambo umamlola kunena zimene ena sanganene, adamuthandiza: "Akadakhala makolo anu, bwana, tikadalekera pa sikisi, poti kwanu ndi makilomita osakwana 50. Ngati ndi mizimu, ndi ya eni ake, ikukangana za kwawo. Za dzenjezo musadandaule, ndi mchenga wonyowa, mafosholo asanu basi."

Woyamba kuseka adali mayi wina wachikulire kumoto, kenaka bwalo lonse. Ndidayesetsa kudzigwira, poti ndine namfedwa, koma ndidalephera. Mlongo wanga adaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, ndipo sindidziwa ngati kudali kuseka kokha. Atachotsa chipewacho adati: "Achimwene adandikwapulapo chifukwa cha masamu omwewa. Lero andikwapulanso ali m'bokosi." Adauza woyendetsa lole kuti akakhale pansi adye, ndipo iye mwini adalowa m'nyumba, nagwada pamaso pa alamu, nawauza kuti amuna awo agona pano.

Mwambo wa mapemphero udayenda mopepuka kuposa maliro onse amene ndidakhalapo. Mlaliki adati wakhala akulalikira pamaliro zaka zambiri, koma sadaonepo womwalira akuyesa ana ake mayeso, onse n'kukhoza. Ponyamuka, mlongo wanga adagwira kutsogolo kwa bokosi. Tidadutsa pakati pa minda ya fodya, masamba akutikhudza m'zitenje, amayi akuimba nyimbo yachangu imene nthawi zambiri saimba pamaliro. Alamu adakana njinga imene adawakonzera. Adayenda ndi ndodo, ine ndili kumanja kwawo. Dzenje tidalipeza litakonzedwa bwino, ndipo tidawaika achimwene pansi pa mtengo wa muwanga dzuwa litangopendeka.

Madzulo anthu adabalalika. Amayi adatsuka miphika ndi kubweza mabenchi kutchalitchi, ndipo lole idapita ndi abale a kwa Kaomba okhaokha. M'nyumba mudatsala ine ndi alamu, mphasa zitapindidwa pakona. Adapempha madzi osamba, kenaka adadya chimanga chowotcha chimodzi, chakudya chawo choyamba chimwalirireni amuna awo. Atatha adayang'ana pakhomo, kumene nsonga za mitengo ya kumanda zinkaonekabe, nati: "Alamu, mwaona? Kupita ndi kubwera, ndapuma kamodzi kokha." Adagona ndisanawayankhe, ndipo ndidatseka chitseko pang'onopang'ono.