Jezi Zimene Asuweni Anasoka mu Gemu

Kanyumba kanga ka magemu kanali kuseri kwa msika wa Lizulu, pakati pa chigayo ndi malo ometera. Ndinali ndi makina amodzi a gemu, wailesi ya kanema imodzi, mabenchi awiri ndi mapadi anayi, tija togwira m'manja posewera. Ondibweretsera ndalama anali anyamata a kabaza ndi onyamula matumba a kachewere, ena ochokera tsidya la msewu ku Mozambique. Mabasi akachepa ankabwera ndi fumbi lawo n'kulipira kuti asewere gemu ya mpira. Matimu a m'gemumo anali a ku Ulaya okhaokha.

Asuweni anga, mwana wa amalume, anali telala pakhonde la sitolo ina chapafupi. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Makina awo osokera ndi aja amalume anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo matimu ambiri a m'midzi ankasoketsa jezi kwa iwo. Gemu sankaidziwa kusewera. Ankangolowa nthawi ya chisanu kudzathawa mphepo, n'kumatiseka kuti tikukuwira azungu amene sadziwa n'komwe kuti kuli Lizulu.

Tsiku lina m'mawa, mulibe anthu, ndinawasonyeza malo a m'gemu pamene munthu angathe kusintha dzina la wosewera, mtundu wa jezi, ngakhale nkhope. Ndinachita mongocheza. Iwo anatenga padi, nafunsa ngati kolala nayonso imasinthika. Nditati inde, anakhala pansi. Dzuwa linafika paliwombo ali pomwepo, ndipo mayi wina amene anawasiyira diresi anachita kudzawatenga ndi mkwiyo. Pa kanema panali jezi yobiriwira ya mizere yoyera m'mapewa, yofanana ndendende ndi ya timu ya pamsika pathu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankayamba kwa ine asanatsegule makina awo. Anagula kope la ana asukulu, ndipo Lamlungu akaweruka ku tchalitchi ankapita kumabwalo kukalemba: uyu amamenya ndi mwendo wamanzere, uyu ndi wamtali koma sathamanga, uyu sachedwa kupsa mtima. Kulemba dzina limodzi ndi padi kumafuna kuleza mtima, chilembo chimodzichimodzi, ndipo nkhope imodzi inkawatengera m'mawa wonse. Ankakonza mphuno, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu monga amachitira poyeza buluku. Goloboyi wathu wa dazi anamupanga bwino kwambiri moti mkazi wake atamuona anaseka mpaka kukhala pansi.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri m'gemumo munali matimu khumi: a Lizulu awiri, a Manjawira, a kumapiri kwa alimi a kachewere, ndi ena. Kanyumba kanga kanayamba kuchepa. Anthu amene sanagwirepo padi ankabwera kudzadziona okha akugoletsa. Mkulu wina wa mpingo, amene kale ankanena kuti malo anga ndi oononga ana, anabwera atavala jekete lake n'kuima pakhomo mpaka ataona mwana wake akumenya kona. Mikangano inalinso yambiri. Mnyamata wina anatsatira asuweni mpaka pakhonde pawo kukadandaula kuti anamupatsa liwiro lochepa. Iwo anamuuza kuti akathamange Lamlungu aone, ndipo atathamangadi anamuwonjezera.

Kenaka anthu okhala ndi makina kunyumba kwawo anayamba kupempha kuti tiwakoperere matimuwo pa fulashi, kaja kosungirapo nyimbo ndi mafilimu. Anali aphunzitsi, wachipatala mmodzi, ndi anyamata obwera ku Joni. Asuweni anandiuza maganizo awo tikudya chimanga chootcha panja. Anati amene akusewera m'kanyumba mwanga azisewera monga kale, koma wofuna kutengera kwawo azipereka kangachepe, mtengo wa kusoketsa zipi. Sanafune zambiri.

Ine ndinakana, ndipo ndinakana ndi mawu ambiri. Ndinati gemuyo ili ndi eni ake kunja, ife sitingagulitse chinthu cha eni. Ndinati anyamata a m'tauni amatenga zinthu ngati zimenezi pa intaneti kwaulere, zopangidwa ndi anthu amene safuna kanthu, ndiye ife tikayamba kulipiritsa tidzaoneka adyera. Ndinati eni nkhopezo nawonso adzafuna gawo lawo. Ndinawakumbutsanso kuti makina ndi anga, magetsi ndi anga. Zina mwa mfundozi ndimaziona kuti zinali zoona mpaka lero.

Iwo anayankha kuti nsalu imene amasoka sanaiwombe ndi iwo, ulusi sanaupote ndi iwo, koma palibe amene amatenga malaya osalipira manja.

"Kusoka ndi ntchito, asuweni," ndinatero. "Izi n'zoseweretsa chabe."

Anasiya kutafuna, nayang'ana chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo. Kenaka anati chabwino, sagulitsa. Koma anapempha chinthu chimodzi, kuti matimuwo asatuluke m'kanyumbamo iwo asanamalize. Timu ya ku Bwanje, kwawo kwa akazi awo, inali itangoyambidwa kumene. Jezi inalipo, koma osewera onse anali ndi nkhope imodzi ndi manambala m'malo mwa maina. Ndinalonjeza, ndipo ndinawagwira dzanja.

Sipanathe mwezi, kunabwera munthu wina wa ku Manjawira amene nayenso anali ndi malo a magemu. Anabwera kudzapikula kachewere, koma anali atamva mbiri. Anakhala pabenchi langa ola lathunthu, akuonerera timu ya kwawo ikusewera. Anali munthu wa pakamwa potsekemera. Anaona kuti mapadi anga awiri anali omangamanga ndi selotepu, batani lina likuchita kukanirira. Anatsegula chikwama, natulutsa mapadi awiri atsopano, akadali m'mapepala ake, n'kuwaika pabenchi osanena kuti ndi a chiyani. Kenaka anatulutsa fulashi.

Ndinadziuza kuti sindikugulitsa, ndikungogawira mnzanga, ndipo iyenso akungondipatsa mphatso. Ndinadziuzanso kuti Manjawira ndi kutali, asuweni sangamve. Kukopera kunatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Mawa lake asuweni ataona mapadiwo ndinati ndagula ku Ntcheu paboma, ndipo anandiyamikira kuti bizinesi ikukula.

Koma anadzionera okha, ndi maso awo. Anapita ku Manjawira kukapereka yunifolomu za kwaya, ndipo podikira minibasi anamva anyamata akukuwa maina a osewera a kwathu m'kanyumba kena. Atasuzumira anaona jezi yobiriwira ija. Pakhomo panali chikwangwani cholembedwa ndi choko kuti muli matimu a m'boma la Ntcheu, opangidwa ndi mwini malowo, ndipo wofuna kukoperedwa alipire. Anafunsa mnyamata wina kuti bwanji timu ya Bwanje ili ndi nkhope imodzi. Anawayankha kuti amene anayamba ntchitoyo ku Lizulu anali waulesi.

Sanabwere kwa ine. Patatha masiku atatu osawaona m'mawa, ndinapita ndekha pakhonde pawo. Ndinawapeza akupinda mpendero wa siketi, mapini ali pakamwa. Anachotsa mapiniwo mmodzimmodzi, n'kundifotokozera zimene anaona, mosakweza mawu, ngati akunena za ulendo wa munthu wina. Ine ndinayamba kulongosola za mphatso, kuti palibe ndalama imene inadutsa m'manja mwanga.

"Munati sizogulitsa," anatero.

"Sindinagulitse, asuweni."

"Mapadi awiri. Ndiye kuti mtengo wake munkaudziwa."

Anaponda makina awo, ndipo phokoso lake linatseka nkhani. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenaka ndinabwerera. Mawu oti pepani anali pakamwa, koma ndinaganiza kuti ndidzawanena mtima wawo ukatsika. Ndinaganizanso zowapatsa padi imodzi, n'kuona kuti kungakhale kuwatukwana, popeza analibe makina a gemu.

Kwathu kuno munthu ndi msuweni wake amatukwanizana mocheza, amalandana chipewa, amanenana pamaso pa anthu popanda wokwiya. Ife tinakula choncho. Kuyambira tsiku limenelo asuweni anayamba kundipatsa moni waulemu, wa manja awiri, wofunsa za kunyumba ndi ana. Amayi anazindikira msanga, nandifunsa chimene ndinawalakwira. Ndinati ndi nkhani ya magemu, ndipo iwo anati anthu aakuluakulu sangadane chifukwa cha zidole. Ndinamva mawu anga omwe m'kamwa mwa amayi, ndipo sanandikomere.

Matimu aja anatsala monga anawasiyira. Osewera ankasamuka, ena kukwatira kutali, ena kupita ku Joni, koma m'gemu anali pomwepo. Ndinayesa kukonza ndekha. Nkhope imene ndinapanga inafanana ndi munthu wotupa dzino, ndipo mwini wake anandiuza kuti ndiichotse.

Mvula ya chaka chimenecho, mphenzi inagwa pafupi ndi chigayo masana, makina anga n'kupsa. Ndinatenga miyezi iwiri kuti ndipeze ena akale. Nditafuna fulashi imene ndinasungirapo matimu, ndinakumbukira kuti ndinaibwereketsa ku ukwati ndipo anafufuta zonse n'kuikamo nyimbo. Anyamata ankalowa, n'kuona matimu a ku Ulaya, n'kutuluka. Kope la asuweni linalipo kwawo, koma ndinalibe nkhope yokalipempha.

Ndinakwera minibasi kupita ku Manjawira. Munthu uja anandilandira bwino, nandigulira chakumwa, koma nditanena chimene ndinadzera anandilozera chikwangwani chake. Ndinamukumbutsa kuti zinthuzo anazitenga kwa ine. Anati anazigula, ndipo anafunsa ngati mapadi aja akugwirabe ntchito. Ndinayamba kumuuza kuti gemu ili ndi eni ake kunja, kuti zinthu zotere anthu amagawana, koma ndinalekera panjira chifukwa anyamata a pabenchi anayamba kuseka. Ndinalipira. Zimene ndinabwera nazo sizinalinso zija. Osewera a Manjawira onse anali atapatsidwa liwiro la njinga yamoto, jezi zina zitasinthidwa mitundu, ndipo dzina la malo ake linali pachifuwa pa timu iliyonse.

Chaka chotsatira asuweni anasamukira ku Bwanje. Apongozi awo anali atakalamba, ndipo munda wa mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira unkafuna munthu. Makina osokera anapita nawo pa ngolo. Ndinathandiza kunyamula katundu pamodzi ndi abale ena, ndipo asuweni ananditsanzika monga anatsanzikira wina aliyense.

Panapita zaka ziwiri ndisanapiteko. Ndinapita nthawi yokolola, nditaika ndalama mu envelopu, zochuluka kuposa mtengo wa mapadi aja. Kutsika kuchoka kumapiri kwathu kufika kuchigwa, thukuta linandinyowetsa malaya. Ndinawapeza pabwalo akuyanika mpunga pa malona, atada ndi dzuwa, akuingitsa nkhuku ndi kamtengo. Alamu, akazi awo, anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango.

Ndinapepesa bwinobwino, kutchula chimene ndinachita ndi bodza la paboma lija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Envelopu sanaigwire. Anati nthawi imene ankafuna ndalama inali ija, pamene ikanasonyeza kuti ndaona kuti agwira ntchito. Tsopano ikangokhala ya chipepeso, ndipo iwo sanaferedwe. Anandiuzanso kuti anyamata a timu ya kumeneko anamva kuti ali m'gemu, ndipo wina anakaona ku Manjawira n'kupeza kuti ndi nambala chabe. Mpaka pano amawafunsa chifukwa chake anakonza bwino a kumapiri n'kunyoza a kwawo kwa mkazi wawo.

Ndinati makina a gemu alipo, atha kubwera kudzamaliza, ndipo aliyense wokopera azilipira kwa iwo. Anaseka pang'ono, nandisonyeza zala zawo zong'aluka ndi matope a m'munda. Anati maso nawonso ayamba kuvuta, ulusi amachita kuwalowetsera mu singano ndi mwana wawo wamkazi. Kope lija ana anakutira nalo mabuku.

Masiku ano anyamata amene amabwera kwanga amakangana nkhani yomweyi, chifukwa ena opanga zinthu zotere pa intaneti ayamba kulipiritsa. Ena amati n'kuba, ena amati wogwira ntchito adye. Akandifunsa ndimati sindidziwa za malamulo a eni gemu, koma ngati ukumudziwa munthu amene wapanga chinthucho, umufunse iyeyo, ndipo chimene wanena uchite. Amaona ngati ndikuzemba funso.

Tsiku lija ku Bwanje ndinadya nawo, tinakamba za mitengo ya feteleza ndi za matenda a amayi. Pochoka alamu anandithirira mpunga m'thumba, ndipo asuweni anaumanga okha pa kabaza, nakoka chingwe kawiri kuona ngati chalimba. Anauza wakabaza kuti ayende bwino pa mlatho chifukwa matabwa ena anachoka. Ndinakwera, envelopu ili m'thumba la malaya, ndipo nditacheuka anali atabwerera kale ku malona awo.