Tsiku Limene Apongozi Anavundukula Ayezi

Chinali chaka cha 1955, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinali mkamwini kwa Kalembo, pamudzi wa anthu amene sindifuna kuwatchula. Nyumba ndinamanga ndine. Mphanje ndinaswa ndine. Koma pamudzipo ngakhale tambala ankandiposa mawu.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 4 ku mishoni, ndipo zinandikwanira. Chizungu cha pantchito ndinkachimva, ndiye mzungu wina wogula nsomba ku Balaka anandipatsa ukapitawo. Munthuyo ankafuna kuti chambo cha m'Malombe chikadyedwe chachiwisi ku Halale, m'mahotela a azungu anzake. Chosawamba, chosayanika. Ayezi, madzi oundana ngati mwala aja, ankabwera pa sitima kuchokera ku Limbe. Ife tinkamutengera kunyanja pa lole, kumuswa, kuyala m'mabokosi amatabwa: ayezi, nsomba, ayezi, nsomba. Pamwamba utuchi ndi ziguduli, kukulunga zolimba. Tikatero tinkathamangira ku Balaka kukapeza sitima ya ku Blantyre, ndipo kumeneko ena ankakweza mabokosiwo m'ndege pa Chileka. Ndegeyo sindinaikwerepo. Ndinkangodziwa kuti siyembekeza munthu.

Tinayesa kangapo ndi mabokosi ochepa, zinatheka. Kenaka unafika ulendo waukulu. Mzungu anati nsombazo zikakafika bwino, ntchito yanga ikhazikika ndipo andipatsa nyumba kuseri kwa sitolo yake. Nyumba imeneyo ndiyo ndinkafuna. Ndikanapempha chitengwa, kutenga mkazi wanga ndi mwana, kuchoka pamudzi uja.

Msewu wochokera kunyanja unkadutsa m'mphepete mwa mudzi womwewo. Mvula inali itagwa dzulo lake, tsikulo dzuwa linatuluka laukali. Titafika padambo, lole inatitimira m'makande mpaka mawilo osaoneka. Dalaivala, Myao wa ku Ntaja, anatsika n'kuyang'ana pansi.

"Walahi, akapitawo, iyi situluka ili ndi katundu. Tsitsani."

Mudzi wonse unatuluka. Amuna anagwira makasu ndi mitengo, akazi anasenza mabokosi kukaika pansi pa mtengo wa mango. Ndinawaunjika ndekha pamthunzi, ndinathira madzi paziguduli, ndinati munthu asakhudze. Anamva. Mpaka apo zonse zinali m'manja mwanga.

Ndiye anatulukira apongozi anga aakazi.

Ana a masiku ano sadziwa. Nthawi imeneyo mkamwini sankayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sankawalankhula, sankakumana nawo panjira. Ukawaona akubwera unkapatukira m'tchire, minga kaya ikubaye. Ine ndinachita monga anandilera. Ndinakanjuta kuseri kwa lole.

Mayiyo anakalambira pa nsomba. Kuwamba ankatha, ndisaname. Ndinamva akugogoda bokosi.

"Muno muli chiyani, maliro?"

"Nsomba, amayi," anayankha mmodzi wa akazi aja.

"Nsomba kuzifunditsa chonchi, dzuwa ili? Zikudwala malungo? Vundukulani zipume mphepo."

Ndinakodola mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, munthu wamkulu wandevu zake koma wopanda pake. Mawu anga kwa apongozi ankadzera mwa iye.

"Alamu, kawauzeni amayi asakhudze. Ziguduli zija zikuletsa kutentha kulowa. Akavundukula, ayezi asungunuka."

Anaseka mano onse pamtunda. "Alamu, inu mwezi wa Juni mumafunda bulangeti kuti muzizidwe?"

"Pitani mukanene monga ndaneneramu."

"Musandikalipire, ndipita. Akamwini a Sitandade inu."

Anayenda pang'onopang'ono ngati akupita kukavina. Atafika anakweza mawu kuti onse amve: "Amayi, akamwini anu akuti nsomba zawo zikumva chisanu!"

Kuseka kwake kunamveka dambo lonse. Ine ndili kuseri kwa tayala, matope m'maondo.

"Kawauze akamwiniwo," anatero apongozi, "ine ndinayamba kutumbula chambo iwo asanamere mano. Nsomba yotsekera imavunda. Sukulu yawoyo akawerengere mzungu wawo."

Anamasula zingwe. Anasenda ziguduli n'kuziyanika pa udzu. Ataona utuchi anati taonani uve, zinyalala m'ndiwo za anthu, ndiye anatuma akazi kukatunga madzi padambo, madzi ofunda a dzuwa, n'kuthira m'mabokosi kutsuka. Nsomba anazitulutsa, kuziyala pamphasa kuti zipite mphepo. Ana analanda zibenthu za ayezi, kuthamanga nazo akukuwa kuti zikuotcha. Mkulu wina anamanga chibenthu pansalu kuti akaonetse mkazi wake madzulo.

Ndinaitana dalaivala. Anali pansi pa lole ndi jeke. "Za kwanu izo, akapitawo. Ine yanga ndi injini."

Ndinaitana mkazi wanga. Anapita, anagwada, ananong'ona zimene sindinamve. Anabwerera maso ali pansi.

"Amayi akukuthandizani, bambo a mwana. Mukufuna ndiwatukwane?"

"Ndikufuna atseke mabokosi."

"Akuti zikauma madzi atseka."

Ndinakhala pomwepo. Ndinkaona madzi akuchucha pansi pa mabokosi, kuyenderera mpaka pamapazi anga. Anali ozizira. Munthu sanandimange chingwe, komabe ndinali womangidwa kuposa mbuzi.

Lole inatuluka dzuwa litapendeka. Apongozi anachoka kaye kuti ine ndiyandikire. Ayezi yense anali atasanduka timiyala ngati nsangalabwi, ntchentche zili ng'waa. Mlamu uja anabweranso ndi uthenga.

"Akuti izi ku Halale sizikafika. Zisiyeni tizitumbule, tiwambe lero lomwe, mzungu wanu apezeko kanthu."

Ndinakana. Mzungu sanandituma zowamba. Ndiponso sindikanalola kuti amene waononga katundu akhalenso mpulumutsi, adye mitu yake, mawa aziti tinamuthandiza mkamwini. Ena mpaka lero amati apo ndinaumitsa mutu. Sanagwirepo ntchito ya munthu.

Tinapakira, tinathamanga. Ku Balaka sitima tinaipeza. Mzungu anatsegula bokosi limodzi, anadinikiza chala pamimba ya chambo. Chala chinalowa, dzenje lake linatsala. Anatsegula lina, ananunkhiza, analavula. Sitima inapita yopanda kanthu kathu. Analamula kuti zonse zikwiriridwe kuseri kwa siteshoni, anathirapo parafini kuti anthu asafukule.

Ndinamufotokozera bwinobwino, m'Chizungu chake. Anandiyang'ana, n'kuseka. Anati mwamuna wamkulu ngati ine kubisalira nkhalamba kuseri kwa lole! Anaitana mnzake kuti amvenso. Kumudzi anandiseka chifukwa chodziwa ayezi, kuno anandiseka chifukwa chodziwa mwambo. Anandivula jekete la kaki, analanda njinga, anati ndisapondenso pasitolo.

Ndinabwerera wapansi. Tsiku lotsatira ndinalowa m'mudzi anthu akuona. Apongozi anali pakhonde, akusenda mtedza. Sindinapatuke. Ndinaima patsogolo pawo, chilili, n'kuwayang'ana kumaso. Zaka zonsezo nkhope imeneyo ndinali ndisanaionetsetse. Inali yaing'ono, yamakwinya, diso limodzi lotuwa.

"Mwandiphera ntchito, inu. Munagwira chinthu chimene simuchidziwa."

Mtedza unamwazika. Anadziphimba nsalu kumutu, analira mokuwa ngati pagwa maliro. Akazi anathamangira, mlamu uja kuseka kunamuthera.

Ankhoswe anakhala pansi pa mango womwe uja. Za nsomba sanatchule n'kamodzi komwe. Mlandu unali wa maso anga ndi pakamwa panga. Anati ndipereke nkhuku yoyera, ndigwade kuseri kwa nkhokwe, ndipepese kudzera mwa mlamu.

Ndinati iyayi. "Mwa ameneyu? Ndikati pepani akanena kuti akamwini akufuna mtedza. Apepese ndi apongoziwo."

Amalume anga, amene anabwera kudzandiimira, anandikoka malaya. "Mphwanga, nkhuku ndi chiyani? Uli ndi mwana pano."

Sindinagwade. Ananditulutsira mphasa ndi nkhwangwa yanga panja. Mkazi wanga anaima pakhomo mwana ali kumsana. Ndinamufunsa ngati anditsata. Anayang'ana kwa amake.

Ndege zimadutsabe pamwamba pa Balaka, ndipo akuti masiku ano zimanyamula chilichonse chozizira. Zinyamule. Ine zanga ndinaziwerenga kalekale: mabokosi khumi ndi asanu ndi atatu a chambo, ntchito, njinga, jekete, nyumba imene ndinalonjezedwa, nyumba imene ndinamanga, munda wa chimanga chili m'chiuno, mkazi mmodzi, ndi mwana wamwamuna amene anakula akuitana munthu wina kuti bambo.