Mbuzi pa mlongoti wa eriyo

Zithunzi za pa kanema wathu zitayamba kudukaduka masana aliwonse, ndinapsa mtima. Dikoda ndinaimenya mbama, mawaya ndinazula n'kubwezera, koma ayi ndithu. Kenako ndinalusira a Banda, oyandikana nafe kuno ku Chulu, kuti mtengo wawo wa mango ukutchinga eriyo. Anadula nthambi yodzaza mango osapsa.

Mawa lake zithunzi zinathawanso. Mayi a kunyumba anandiitanira panja. "Bambo, mbuzi yanuyi mumaimangirira pati?"

Ndinkaimangirira pa mlongoti wa eriyo kuti isakadye fodya. Ikakoka chingwe, eriyo inkatembenuka.

Mpaka lero a Banda akafunsa ngati kanema akuoneka, ndimati, "Kwambiri, unali mtengo uja." Chimene chimandinyansa n'chakuti amavomera mwaulemu, maso ali pa mbuzi.