Loweruka Limene Ndinamutafunira Nkhuku

Kwa miyezi iwiri mwana wanga ankakana chakudya, ndipo amene ankaphika chakudyacho ndine, mayi wake, munthu amene ndinakhala zaka ziwiri ku koleji ku Gweru ndikuphunzira zophikaphika. Zimenezi sindinaziuzepo munthu bwinobwino, n'chifukwa chake ndikuzilemba.

Anali ndi chaka ndi miyezi itatu pamene anatsegula m'mimba. Patatha sabata iye anachira, koma ine mtima sunakhalenso m'malo. Ndinkaona tizilombo paliponse, pachitseko, pampopi, m'zikhadabo za bambo ake akaweruka ku mgodi. Ndinayamba kuwiritsa chilichonse. Maungu, mbatata, kaloti, kanyama kopanda khungu, zonse zinkabwata mpaka kutha fungo, kenako n'kuzipitiriza pa sefa. Mchere ayi, mafuta ayi. Ndikamuyandikira ndi supuni ankatseka pakamwa n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ankangofuna bere, mkaka nawonso unali utayamba kuchepa.

Ku sikelo anamwino anamupachika, n'kuyang'ana muvi nthawi yaitali, kenako khadi. Anandiuza m'Chishona, mofatsa ndithu, kuti mzere watsika kawiri motsatizana, ndipo ukatsikanso Lachinayi la sabata yotsatira amugoneka m'chipatala. Ndinabwerera kunyumba ndikuwerenga masiku ndi zala, ngati kuti zala zingawonjezerepo lina.

Loweruka bambo ake anali pa shifiti ya masana. Akumanga nsapato anati, "Pita naye kwa achemwali, ukapitidweko mphepo. Akufunsa kuti tinawalakwira chiyani."

Achemwali awowo, alamu anga, amawotcha nkhuku kuseri kwa butchala ina kuno ku Maglas, dera la tauni yathu ya mgodi. Chidwalireni mwana ndinali ndisanapondeko. Utsi, ntchentche, amuna osasamba m'manja akugwira mwana patsaya, ndinkati zonsezo zindipitirire. Koma tsiku limenelo m'nyumba munanditopetsa. Ndinaika chakudya chosefa chija m'kabakuli, supuni ndinaikulunga m'kansalu kowiritsa, mwana kumsana, n'kutuluka.

Kunali kotentha kwambiri, mvula isanayambe. Milu yoyera ya dothi la mumgodi inkaoneka ngati ikuyandama, yosakhudza pansi. Munthu wosagona mokwanira amayenda ngati ali m'madzi, ndipo ndinkayenda choncho, mawu a mawailesi ndi a makombi, maminibasi a kuno, akundifika mochedwa. Mwana anali wopepuka moti kawiri konse ndinapititsa dzanja kumbuyo kuti ndimve ngati alipo.

Loweruka masana tauni yathu imanunkhira utsi wa nyama, ndipo utsi uliwonse ndimaudziwa mwini wake. Wa mafuta a ng'ombe akudonthera pamakala ndi wa gochi-gochi, kawotchedwe ka anzathu a Chishona. Munthu amagula nyama yake m'butchala, zibanthu zazikulu ngati chikhatho, n'kukaiponya pa waya, mchere basi, sadza, nsima yawo, pambali. Malemu bambo anga ankaseka kawotchedwe kameneko. Ankati imeneyo ndi nyama ya munthu wothamangira basi. Iwo anabadwira m'komboni ya mgodi konkuno, ku Malawi anangopitako kamodzi kukaika maliro, koma kanyenya ankamudziwa ngati anakulira pamsika wa kumeneko. Mwezi ukatha ankabwera ndi mwendo wa mbuzi, n'kuudula tizidutswa tating'ono ngati chala chachikulu, n'kutiyala pa chidutswa cha sefa ya waya chimene anatola kuntchito. Ankatitembenuza kamodzikamodzi ndi zala, osapsa. Mchere ndi kambuzi wosinja zinkakhala papepala pambali, aliyense azitosa yekha. Ine ndinkakhala pa njerwa, maso akuwawa ndi utsi, ndikuona nkhope yawo ikuoneka n'kubisika.

Ndikuyenda choncho ndinapezeka ndili ku Gweru m'maganizo, pafupi ndi pokwerera makombi, pamene tinkapita ndi anzanga a ku koleji tikamaliza mayeso. Kumeneko kunali nkhumba ndi soseji wopindapinda, ndipo wowotchayo, bambo wa Chindebele, ankatitcha ana ake n'kumatidulira nthiti ndi mpeni umene ankapukutira pa ovololo. M'mawa tinkalemba za madigiri oyenera kuphera tizilombo, masana tinkanyambita zala pamenepo. Ku Gokwe ndinangopitako kamodzi, nthawi yogulitsa thonje, kuperekeza mnzanga. Mbuzi inali yophedwa m'mawa womwewo, yopachikidwa pamtengo, ndipo ankaiwotcha pa nkhuni za tsanya zimene zimayaka mwakachetechete ngati sizikufuna. Timaulusi ta thonje tinkauluka paliponse n'kumatera pa nyama, ife n'kumauzira, n'kumadya. Sindikumbuka kuti ndinadwalapo. Koma nthawi imeneyo mimba inali yanga ndekha, ndipo chilichonse chikanachitika chikanandichitikira ine.

Fungo la mandimu ndi adyo ndi limene linandibweza. Ndinali nditafika.

Agogo a amuna anga anachokera ku Mozambiki, cha ku Tete, ndipo nkhuku ya alamu ndi ya kumeneko. Amaing'amba kumsana, n'kuitambasula kuti igone fulati, n'kuiviika kuyambira m'mawa m'madzi a mandimu, adyo, mafuta ndi piripiri. Ikakhala pa chidiramu chodula pakati amaipaka msuziwo ndi kanthambi ka masamba a ndimu, pang'onopang'ono, ndipo munthu wachangu amamuuza kuti apite kwa anyamata a gochi-gochi ali cha potero.

"Taonani, akoleji atulukira," anatero atandiona. "Ndimayesa munasamukira ku Gweru osatsanzika."

"Tilipo, alamu."

"Inu mulipo, ndikukuonani. Uyo kumsanayo alipo? Tamutsitsani."

Anapukuta m'manja pa chitenje n'kumulandira ine ndisanatchule za sopo. Anamukweza m'mwamba, kumutsitsa, kumukwezanso, ngati mmene amachitira posankha nkhuku. Nthabwala zija zinatha.

"Anamwino akuti chiyani?"

Ndinawauza za Lachinayi. Anatembenuza nkhuku ziwiri ndi dzanja limodzi, mwana ali m'chiuno, kenako analoza kabakuli kanga ndi mlomo.

"Umo muli chiyani?"

"Chakudya chake."

Anatsegula, kupisa chala, kulawa. Anayang'ana kumwamba ngati akumvetsera nyimbo ya kutali.

"Alamu, ichi mukufuna kumatira ming'alu ya nyumba?"

"N'chopatsa thanzi. Muli maungu, muli..."

"Inu munalawapo?"

Ndinali ndisanalawepo. Ndinanena kuti supuni ya mwana siyenera kulowa m'kamwa mwa munthu wamkulu. Bambo wina amene ankadikira nkhuku yake pabenchi anaseka, alamu n'kumuuza m'Chishona kuti ayang'ane mowa wake.

Ndinakhala pa kreti, ndipo anandibwezera mwana. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti maso ake ali pa chidiramu. Ankatsatira utsi ukukwera, milomo ikuyendayenda, dovu likutsikira pachibwano. Kunyumba ndinali nditazolowera kumuona akuyang'ana khoma. Alamu nawonso anaziona. Kumapeto kwa waya amasungako nkhuku ina yopanda piripiri, ya mchere ndi mandimu basi, ya makasitomala amene iwo amawatcha amantha. Anazula ntchafu, kuchotsa khungu, n'kung'amba kanyama ka pafupi ndi fupa, koyera, kotuluka nthunzi. Anakauzira n'kundipatsa.

"Tafunani."

"Ndilibe njala, alamu."

"Ndani wanena za njala yanu? Mutafune, osameza, mumupatse."

Ndinkadziwa kuti amayi akale ankatafunira ana, ndinaonapo m'komboni ndili wamng'ono, ndipo ku koleji tinkazitchula monga chitsanzo cha zinthu zosayenera. Ine ndemwe ndinalembapo zimenezo pa mayeso, n'kukhoza.

"Alamu, m'kamwa mwa munthu mumakhala tizilombo tambiri."

"Mukudwala? Muli ndi zilonda m'kamwa?"

"Ayi."

"Kuchipatala muja ankakuyezani magazi anakupezani ndi kanthu?"

"Ayi."

"Nanga m'mimba mwanu muja anakhalamo miyezi naini munali chiyani, sopo? Mano ake ndi anayi. Anu ndi angati? Mubwerekeni ena."

"Bwanji osangoiphwanya ndi foloko?"

"Mwaphwanya miyezi iwiri. Ndikanamutafunira ine, koma ndalawa piripiri kuyambira m'mawa. Ndiponso mwana amatafuniridwa ndi mayi ake, amadziwa fungo."

Anabwerera pa chidiramu chawo n'kundipatsa msana, ngati nkhani yatha. Ndinatsala ndi kanyama kakutentha zala. M'mutu munkabwera zinthu ziwiri mosinthana, thewera lamadzimadzi la miyezi iwiri yapitayo, ndi kabedi kachitsulo ka m'chipatala, kapaipi kali m'mphuno mwake. Sindinganene kuti ndinasankha mwanzeru. Ndinangotopa kuopa zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ndinaika nyama ija m'kamwa. Mchere, utsi, kuwawasa kwa ndimu patali. Nsagwada zinawawa, chifukwa inenso ndinali nditakhala masabata ambiri ndikudya tiyi ndi buledi choimirira. Ndinatsala pang'ono kumeza. Phokoso la pamalopo linapita kutali, mabotolo, wailesi, mpeni wa m'butchala ukugunda fupa, ndipo ndinkangomva mano anga akugwira ntchito. Mwana anasiya kuyang'ana utsi n'kuyamba kuyang'ana pakamwa panga.

Ndinatulutsa pang'ono pa nsonga ya chala n'kumuyandikizira. Ananunkhiza. Anakwinya nkhope monga amachitira ndi supuni, ndipo ndinati basi, zakanika. Kenako anatsegula pakamwa, pang'ono chabe, n'kuyamwa chala changa. Anakhala nayo m'kamwa nthawi yaitali, akundiyang'ana, mpaka ndinaona kakhosi kake kakuyenda.

Ndinatafuna ina. Anameza. Ulendo wachinayi sanadikire chala, anakwera pachifuwa panga, kugwira mlomo wanga wam'munsi n'kuukoka, tizala take tikufufuza m'kamwa mwanga. Misozi inkatsika ine ndikutafunabe, ndipo alamu, osacheuka, anauza bambo wa pabenchi uja kuti utsi wa lero ndi woipa, ukuliza anthu.

Anadya pafupifupi theka la ntchafu, n'kumwa madzi a m'botolo langa owiritsa, n'kugona mafuta ali pachibwano. Alamu anandikulungira ntchafu ina m'pepala.

"Iyi ndi yanu, mumeze ndithu. Phala lake muzithira nsinjiro ndi kamchere, ndipo muzilawa. Mukapanda kulikonda inu, iye alikonda bwanji?"

Ndikananama ndikanati ndinabwerera kunyumba ndi mtendere. Madzulo onsewo ndinkatsegula thewera lake mphindi zilizonse. Lamlungu kutchalitchi ndinatuluka naye katatu ulaliki uli mkati, kukayang'ana kuseri kwa chimbudzi. Munalibe kanthu koopsa. Lolemba ndinapitanso kuseri kwa butchala, Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkatsuka mano kawiri ndisananyamuke, ndipo potafuna ndinkatembenukira kukhoma kuti wina wondidziwa asandione. Phala la nsinjiro anayamba kulandira masupuni atatu, tsiku lina asanu, bola supuniyo ayambe waiona ikulowa m'kamwa mwanga.

Lachinayi ndinafika ku sikelo anthu asanachuluke. Anamwino omwe aja anamuveka mwana kakabudula kopachikira, n'kumukoleka. Iye analira mwamphamvu, akuponya miyendo, moti muvi unkavina osaima. Ndinagwira mpweya. Utakhazikika, anamwino analemba kadontho pa khadi, pamwamba pang'ono pa kaja ka sabata yatha, pang'ono kwambiri, moti ndinachita kuyandikiza khadi kumaso.

"Sitimugoneka," anatero. "Koma mubwerenso pakatha masabata awiri. Mwasintha chiyani?"

"Phala la nsinjiro. Ndi nkhuku yofewetsa bwinobwino."

"Mukufewetsa ndi chiyani?"

Kumbuyo kwanga kunali amayi ena pamzere, ena a kutchalitchi kwathu.

"Ndi foloko," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kuitana wotsatira. Ndinabereka mwana, ndinamanga chitenje kawiri, ndipo m'malo molowera njira ya kunyumba ndinakhotera ya kubutchala. Nthawi inali isanakwane teni koloko m'mawa, makala anali asanayake, nkhuku zikadali m'beseni la mandimu. Ndinawaonetsa alamu kadontho kaja. Anakayang'ana, manja ali m'mwamba kuti asadetse khadi, kenako anakankha kreti ndi phazi kuti ndikhale, n'kundiuza kuti ndisende adyo podikira moto.